Nyambo pa bolodi: momwe Levy ndi Kasparov anayesera kutchera kompyuta



Loweruka lapitali, titamaliza kusesa, panabuka mkangano pa benchi ya chess paja. Amene munalipo mukukumbukira. Wina anati kompyuta ya mu foni ndi yadyera, ukangoiponyera pawn imadya osaganiza, iwe n'kuikwapula bwinobwino. Wina anati ayi, kuchita zimenezo n'kudzikumbira dzenje wekha. Ine ndinangoti zii, chifukwa ndinali ndi manyazi anga. Chilembereni mayeso a Fomu 4, nthawi ndili nayo yambiri, ndipo masiku ambiri ndagona mochedwa ndikusewera King's Gambit ndi Stockfish pa Lichess. Pa levulo 3 ndimapambana mpaka kumadzimva ngati katswiri. Pa levulo 8 chipambano sindinachinunkhizeko ndi kamodzi komwe.

Ndiye ndinapita kukawerenga, ndipo ndapeza kuti mkangano wathu uja unayamba ife tisanabadwe. Anthu awiri odziwika anaikapo ndalama ndi mbiri yawo pa funso lomweli. Wina ndi David Levy, ku Toronto mu 1978. Wina ndi Garry Kasparov, ku New York mu 1997. Onse awiri anasankha dala njira yoopsa kumayambiriro kwa gemu akusewera ndi kompyuta, ndipo onse awiri gemu imeneyo analuza, koma pa zifukwa zosiyana. Werengani mpaka kumapeto, kenako Loweruka tidzakangane tili ndi mfundo m'manja.

Gambit ndi chiyani?

Kwa inu amene mwangoyamba kumene kukhala pa benchi paja, gambit ndi kupereka dala chinthu chako kumayambiriro kwa gemu, kawirikawiri pawn, kuti upeze china chomwe sichiwerengeka ndi zala: nthawi, njira zotseguka, kapena mpata wothamangira mfumu ya mnzako isanabisale. Zili ngati msodzi amene amataya nyongolotsi kuti akole chambo. Vuto lake, nthawi zina nsomba imadya nyambo n'kuthawa, iwe n'kutsala ndi mbedza yokhayokha.

Liwuli linachokera ku Chitaliyana, gambetto, kutanthauza kupinga mnzako mwendo kuti agwe, monga amachitira ogwetsana. Wansembe wa ku Spain, Ruy López de Segura, analigwiritsa ntchito m'buku lake la chess la mu 1561. Ndiye mukuona kuti nkhaniyi ndi yakalekale.

Yotchuka kwambiri ndi King's Gambit. Woyera amakankha pawn ku e4, wakuda n'kuyankha e5, kenako woyera n'kukankha f4. Pawn ya pa f4 ija ilibe woiteteza mokwanira, wakuda akhoza kuidya pompo. Woyera amafuna kuti pawn yakuda ichoke pakati, iye alamulire pakatipo, ndipo mzere wa f utsegukire rook wake. Koma taonani mtengo wake: pawn ya f ndi imene imatchinga mfumu cham'mbali. Ikachoka, mfumukazi yakuda imatha kufika pa h4 n'kupereka cheki, mfumu yoyera n'kuyamba kuyenda wapansi gemu isanafike pena paliponse.

M'zaka za m'ma 1800 anthu ankakonda kusewera choncho, ndipo kukana kudya chomwe wapatsidwa kunkaoneka ngati mantha. Pa 21 Juni 1851 ku London, mphunzitsi wa masamu wa ku Breslau, Adolf Anderssen, anasewera King's Gambit ndi Lionel Kieseritzky m'gemu yocheza chabe. Anderssen anapereka bishopu, kenako ma rook onse awiri, kenako mfumukazi yomwe. Pa muvu ya 23 anapereka checkmate ndi tizidutswa titatu tokha: bishopu mmodzi ndi mahatchi awiri. Gemu imeneyi mpaka lero amaitcha Immortal Game, kutanthauza gemu yosafa. Mukaiona koyamba thupi limachita tsemwe.

Koma pang'onopang'ono anthu anaphunzira kudziteteza. Wilhelm Steinitz, amene anakhala ngwazi yoyamba ya dziko lonse mu 1886, ankaphunzitsa kuti kuukira kumene kulibe maziko kumagwa kokha ngati wotetezayo sanjenjemera. Mu 1960 Boris Spassky anagonjetsa Bobby Fischer ndi King's Gambit ku Mar del Plata m'dziko la Argentina. Fischer zinamuwawa kwambiri moti chaka chotsatira analemba nkhani yonse yofuna kusonyeza kuti gambit imeneyi ndi yowola.

Apa pali mfundo imene ndikufuna muigwire, chifukwa nkhani yonse yatsamira pamenepa. Gambit yambiri imagwira ntchito chifukwa wokhala tsidya linalo ndi munthu. Munthu amaopa. Amayang'ana wotchi, thukuta n'kuyamba. Pamafunika kuti apeze muvu yolondola kasanu kapena kasanu ndi kamodzi motsatizana, ndipo akaphonya kamodzi kokha, zake zada. Tsono funso n'lakuti, nanga tsidya linalo kukakhala chinthu chosaopa, chosatopa, chopanda thukuta?

Makina aumbombo

Maloto a makina osewera chess anayamba ndi bodza. Mu 1770 Wolfgang von Kempelen anaonetsa ku Vienna chidole chovala ngati munthu wa ku Turkey, chokhala kuseri kwa bokosi lalikulu, chikusuntha tizidutswa ndi dzanja lake. Chinayendayenda ku Ulaya ndi ku America kwa zaka zambiri chikugonjetsa anthu, ndipo Napoleon yemwe anasewera nacho mu 1809. Chinsinsi chake? M'bokosimo munkabisala katswiri wa chess. Chidolecho chinapsa pa moto ku Philadelphia mu 1854. Musaiwale nkhani ya munthu wobisala m'bokosiyi, tikumana nayonso.

Makina enieni anabwera itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1950 Claude Shannon anafotokoza momwe kompyuta ingasewerere chess: iyese mamuvu onse otheka, kenako mayankho onse a mnzake, kenako mayankho a mayankhowo, mpaka pomwe mphamvu zake zathera, ndipo pamenepo iwerengetse amene ali bwino. Kuwerengetsako kunkadalira kwambiri manambala omwe tonse tinaphunzira tsiku loyamba: pawn ndi 1, hatchi ndi bishopu 3, rook 5, mfumukazi 9.

Mwaona pomwe panali chilema? Makompyuta oyambawo ankaona pafupi kwambiri, mamuvu ochepa chabe kutsogolo. Pawn yaulere inali nambala yooneka, pomwe ngozi yobwera patatha mamuvu khumi inali kuseri kwa phiri. Ndiye ankadya chilichonse. Komanso zinthu monga bishopu wotsekeredwa kapena mfumu yopanda pobisala, zomwe munthu wozolowera amangoziona ndi diso, kompyuta sinkazimvetsa bwino. Choncho mnzathu uja amati kompyuta ndi yadyera sanalakwitse kwenikweni. Wangochedwa ndi zaka makumi asanu basi.

Koma makina omwewo anali ndi mphamvu imodzi yoopsa kuyambira pachiyambi. Pomwe tizidutswa tagundana, uyu akudya uyo akudya, ndipo nkhani yonse ikutha m'mamuvu atatu kapena anayi, kompyuta siphonya. Imeneyo ndi ntchito ya masamu, ndipo masamu ndiye kwawo.

Toronto, 1978: kubetcha kwa Levy

Mu 1968 ku Edinburgh, mnyamata wa zaka 23, David Levy, amene chaka chimenecho anali ngwazi ya chess ya Scotland, anali pa phwando limodzi ndi akatswiri a makompyuta. Zaka 23, anzanga, msinkhu wa ena a ife. Pamenepo anabetcherana ndi John McCarthy ndi Donald Michie kuti pofika zaka khumi sipadzakhala kompyuta yomugonjetsa pa mpikisano. Pambuyo pake ena awiri analowa nawo, Seymour Papert ndi Ed Kozdrowicki, ndipo ndalama zonse zinafika mapaundi 1,250.

Zaka khumi zinatha. Chakumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala 1978, Levy anakhala pansi ku Toronto m'dziko la Canada kuti akumane ndi pulogalamu yamphamvu kwambiri ya nthawi imeneyo, Chess 4.7. Anailemba David Slate ndi Larry Atkin a ku Northwestern University, ndipo inkayendera pa chimakina chachikulu chotchedwa Cyber 176.

Levy ankawadziwa bwino makina. Njira yake inali yotopetsa kuonera: kutseka bolodi ndi ma pawn, kupewa kugundana, kusuntha pang'onopang'ono ngati sakufuna kanthu, mpaka kompyuta, posowa chowerengetsa, iyambe yokha kuwononga malo ake. Kenako iye n'kukolola. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Levy anadekhadi. Pa magemu atatu oyamba anapambana awiri, imodzi anafanana mphamvu.

Atafika pa gemu yachinayi anali patsogolo kwambiri, ndiye anaganiza zoyesa china. Anafuna kuona ngati angaigonjetse kompyuta pa bwalo lake lomwe, pa ndewu ya maso ndi maso. Anali ndi zakuda. Kompyuta inayamba e4, iye e5. Kompyuta inatulutsa hatchi ku f3, ndipo Levy anakankha f5. Imeneyi ndi Latvian Gambit. Kale ankaitchula ndi dzina la Gioachino Greco, katswiri wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1600, ndipo dzina la Latvia linabwera chifukwa osewera a ku Riga, makamaka Kārlis Bētiņš, ndiwo anaifufuza kwambiri.

Ganizirani bwino muvu imeneyi. Ndi King's Gambit yomwe ija, koma akusewera ndi wakuda, amene ali kale m'mbuyo ndi muvu imodzi, komanso hatchi ya woyera yatuluka kale ndipo ikuloza pawn ya pa e5. Ngati King's Gambit ndi kuwoloka mtsinje wodzaza, Latvian Gambit ndi kuwoloka mtsinje womwewo usiku, mutasenza thumba la chimanga. Akatswiri akuluakulu saisewera pa mipikisano yofunika. Imagwira anthu osakonzekera basi.

Chess 4.7 sinachite mantha, chifukwa ilibe pochitira mantha. Inawerengetsa zake, ikudziteteza pomwe pakufunika, ikudya pomwe pali chakudya, ndipo Levy analuza. Aka kanali koyamba kuti kompyuta igonjetse munthu wa msinkhu wa International Master pa gemu ya nthawi yaitali ngati ya pa mpikisano. Walira mvula walira matope.

Levy sanachite makani. Pa gemu yachisanu anabwerera ku njira yake yodekha ija, anapambana, ndipo kubetcha kuja kunakhala kwake. Taonani bwino apa: munthu yemweyo, kompyuta yomweyo, masiku omwewo. Atatseka bolodi anapambana, atatsegula analuza. Kulakwitsa kwake sikunali kupereka pawn kokha ayi, kunali kusamutsira ndewu pamalo pomwe mdani wake anali wamphamvu kuposa iye.

Chisangalalo cha anthu sichinakhalitse. Ku Carnegie Mellon University ophunzira ena, pakati pawo Feng-hsiung Hsu ndi Murray Campbell, anapanga makina otchedwa Deep Thought. Mu 1989 makinawa anakumana ndi Levy ku London n'kumukwapula magemu onse anayi. Chaka chomwecho Garry Kasparov anasewera nawo ku New York n'kupambana magemu onse awiri. Pa nthawiyo zinkaoneka ngati Kasparov yekha ndiye khoma lomwe makina sangadumphe.

New York, 1997: kubetcha kwa Kasparov

Kasparov anabadwira ku Baku mu 1963, ndipo anakhala ngwazi ya dziko lonse mu 1985 ali ndi zaka 22, atagonjetsa Anatoly Karpov. Sanali munthu wamantha pa bolodi. Mu 1995 ku Riga anafukula gambit yakalekale ya Evans, yomwe anayambitsa woyendetsa sitima yapamadzi wa ku Wales m'zaka za m'ma 1820, n'kugonjetsa nayo Viswanathan Anand m'mamuvu 25 okha. Kupereka kuti aukire inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku.

Hsu ndi Campbell analembedwa ntchito ndi kampani ya IBM, ndipo kumeneko anapanga Deep Blue. Mu Febuluwale 1996 ku Philadelphia, mzinda womwe chidole chija chinapsera, Deep Blue inapambana gemu yoyamba, koma Kasparov anadzuka n'kutenga mpikisano wonse ndi mapointi 4 kwa 2. A IBM anabwerera kukakonza makina awo. Deep Blue ya mu 1997 inkatha kuyesa malo a pa bolodi okwana 200 miliyoni pa sekondi imodzi. Komanso anaitana ma grandmaster, monga Joel Benjamin wa ku America ndi Miguel Illescas wa ku Spain, kuti aiphunzitse kuweruza malo ndi kuilembera buku la mamuvu oyambira.

Buku limeneli ndi lofunika kulimvetsa. Kumayambiriro kwa gemu kompyuta siganiza yokha. Imayang'ana m'ndandanda womwe anthu anaulowetsa kale: akasewera chakuti, iwe yankha chakuti. Imayamba kuwerengetsa yokha pokhapokha ndandandawo ukatha. Izi n'zololedwa, ndipo onse ankadziwa kuti zilipo.

Mpikisano wachiwiri unachitika mu Meyi 1997 ku Equitable Center ku New York, magemu asanu ndi imodzi. Wopambana amalandira madola 700,000, woluza 400,000. Kasparov anapambana gemu yoyamba. Pa yachiwiri zinthu zinatembenuka. Deep Blue inali ndi mpata wothamangira kukadya ma pawn ndi mfumukazi yake, monga kompyuta iliyonse ya nthawiyo ikanachitira, koma inasiya, n'kusankha muvu yodekha yotsekereza Kasparov kuti asapume. Kasparov anagonja. Tsiku lotsatira anthu ake anamuuza kuti anagonja msanga, panali njira yomwe ikanatha kumupulumutsa ndi macheki osatha. Tangoganizani kumva zimenezo pakati pa mpikisano.

Kuchokera pamenepo mtima wake sunakhalenso m'malo. Anayamba kukayika kuti mwina pali munthu amene akuthandiza makinawo gemu ili mkati, ngati za m'bokosi la Kempelen zija. A IBM anakana. Magemu atatu otsatira onse anafanana mphamvu, ndipo m'magemu amenewa Kasparov ankasewera zosakhala zake, kuyamba ndi mamuvu achilendo monga d3 pofuna kuitulutsa kompyuta m'buku lake msanga. Pofika Lamlungu pa 11 Meyi, aliyense anali ndi mapointi awiri ndi theka. Gemu imodzi yotsala, ndipo Kasparov anali ndi zakuda.

Tengani bolodi, kapena tsegulani foni, tiyendere limodzi. Deep Blue e4, Kasparov c6. Imeneyi ndi Caro-Kann, njira yomwe ankaikonda Karpov, osati Kasparov, amene dziko linamuzolowera ndi Sicilian. Kenako d4 d5, Nc3 dxe4, Nxe4 Nd7, Ng5 Ngf6, Bd3 e6, N1f3. Apa aliyense wodziwa Caro-Kann amayamba watulutsa bishopu ku d6, kenako n'kudzathamangitsa hatchi ija pambuyo pake. Kasparov anakankha h6 pompo.

Akatswiri oonera anadzidzimuka, chifukwa yankho lake linali lodziwika kale m'mabuku: hatchi imadya pawn ya pa e6, kudzipereka yokha. Hatchi ya mapointi 3 kusinthanitsa ndi pawn ya pointi imodzi. Woyera amaluza pa masamu, koma mfumu yakuda imatsekeredwa pakati, ndipo tizidutswa take timapondana tokhatokha.

Ambiri tsiku limenelo anaganiza kuti Kasparov wasokoneza ndondomeko ya mamuvu chifukwa cha kutopa. Iye mwini, m'buku lake la mu 2017 lotchedwa Deep Thinking, anafotokoza kuti anachita dala. Mapulogalamu ena a nthawiyo, akawasiya kuti aganize okha pamalo amenewa, ankakana kupereka hatchiyo, ankaibweza m'mbuyo, ndipo hatchi ikabwerera wakuda amakhala pabwino. Ndiye Kasparov anabetcha kuti makina aumbombo sangataye mapointi awiri popanda kuona phindu lake pafupi. Mukuona kusiyana kwake ndi Levy? Levy anaponya nyambo kuti kompyuta idye. Kasparov anaimirira pakhomo n'kuiuza kompyuta kuti, ngati ndiwe mwamuna ponya nyambo yako.

Deep Blue inadya pa e6 nthawi yomweyo, osaganiza n'komwe. Muvuyo inali m'buku lake. Ma grandmaster aja anali ataiikamo kale, ndipo Illescas anadzanena patapita zaka kuti anaiuza kompyutayo kuti Kasparov akadzasewera h6, idye pa e6 basi. Munthu wa m'bokosi analipodi, koma sanabisale ndipo sanabere. Anagwira ntchito yake gemu isanayambe n'kupita kukakhala pansi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo Kasparov ankaganiza kuti akulimbana ndi mutu umodzi wa chitsulo, pomwe kuseri kwake kunali mitu ya anthu odziwa mbiri ya Caro-Kann ngati iye yemwe.

Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. Kasparov anaika mfumukazi pa e7. Deep Blue inabisa mfumu yake, O-O. Kasparov anadya hatchi ija ndi pawn, fxe6, chifukwa akanadya ndi mfumukazi, rook ikanabwera pa e1 n'kuikola. Bishopu anafika pa g6 ndi cheki, mfumu n'kuthawira pa d8, ndipo mwayi wobisala unathera pomwepo. Yang'anani bolodi pamenepo: bishopu wakuda wa pa f8 watsekeredwa ndi mfumukazi yake yomwe, rook wa pa h8 watsekeredwa ndi bishopuyo. Hatchi yoonjezera ija ilipo, koma ili ngati ndalama zokwiriridwa pansi pomwe ana akulira njala. Pa muvu ya 17 Deep Blue inaperekanso bishopu pa f5, pa 18 rook inadya mfumukazi pa e7, pa 19 inakankha c4, ndipo Kasparov anakweza manja. Mamuvu 19, pafupifupi ola limodzi lokha.

Mpikisano unatha 3½ kwa 2½. Kanali koyamba kuti ngwazi ya dziko lonse iluze mpikisano kwa kompyuta pa magemu a nthawi yaitali. Kasparov anapempha kuti abwerezenso, koma a IBM sanavomere, ndipo Deep Blue sinasewerenso. Lero mbali imodzi ya makinawo ili ku National Museum of American History ku Washington, ina ku Computer History Museum ku California. Za kubera zija, m'buku la 2017 lomwe lija Kasparov anavomera kuti atafufuza kwa zaka zambiri sakukhulupiriranso kuti Deep Blue inabera.

Zitatha izi

Kuchokera pamenepo mpata unangokulirakulira. Mu 2006 ku Bonn, ngwazi ya dziko lonse ya nthawiyo, Vladimir Kramnik, analuza kwa Deep Fritz 4 kwa 2, ndipo iyi inali pulogalamu yoyendera pa kompyuta wamba. Stockfish yomwe ili mu foni zathuzi, ikamasulidwa mphamvu zake zonse, ndi yoposa Deep Blue kutalitali.

Koma chinthu chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi ichi. Mu Disembala 2017 kampani ya DeepMind ku London inaonetsa AlphaZero, pulogalamu yomwe inangopatsidwa malamulo a chess n'kuphunzira posewera yokha ndi yokha. Pa magemu 100 ndi Stockfish ya nthawiyo inapambana 28, inafanana mphamvu 72, osaluza ndi imodzi yomwe. Ndipo kaseweredwe kake? Inkapereka ma pawn, nthawi zina hatchi kapena bishopu, pofuna njira zotseguka ndi kutsekereza tizidutswa ta mdani, phindu lake n'kudzaoneka patsogolo kwambiri. Makina omwe tinkati ndi aumbombo anafika pomaponya nyambo kuposa anthu. Anderssen akanadzuka bwenzi akuseka.

Ndiye pa mkangano wathu uja ndiima pati? Mnzathu woti kompyuta imadya chilichonse akunena zoona pa malevulo ang'onoang'ono, chifukwa pamenepo pulogalamuyo anaifooketsa dala kuti izilakwitsa. Chipambano changa cha pa levulo 3 chija si umboni woti King's Gambit yanga ndi yabwino, ndipo zimenezi zandiwawa kuvomera. Mnzathu woti n'kudzikumbira dzenje naye akunena zoona ngati cholinga ndi kupambana levulo 8. Koma pamenepo, kunena zoona, ngakhale titasewera modekha ngati Levy tiluzabe. Kusiyana kwake n'kwakuti ukasewera gambit umaluza msanga, ndipo kompyuta imakuonetsa ndendende pomwe kuukira kwako kunabooka. Ine ndaphunzira zambiri pa magemu amenewo kuposa pa magemu omwe ndinapambana.

Chomwe ndatolapo pa Levy ndi Kasparov n'chakuti onse awiri, asanakankhe pawn ija, anali ndi chithunzi m'mutu cha amene akusewera naye. Levy anayesa chithunzi chake pamene anali ndi mapointi osungira, analuza gemu imodzi, n'kubwerera ku zomwe amadziwa. Kasparov anayesa chake pa gemu yomaliza, popanda pobwerera, ndipo chithunzicho chinali chachikale. Musanapereke pawn, dzifunseni mafunso awiri: kodi uyu ndikumudziwadi, kapena ndikungomuganizira? Ndipo zikakanika, nditsala ndi chiyani?

Loweruka likubwerali ndibweretsa mamuvu 19 aja nditalemba papepala. Tidzaika bolodi pa muvu ya 8, hatchi itangodya pa e6, ndipo aliyense adzayesa kuteteza zakuda kwa mnzake, kenako kwa foni. Amene muli ndi mabolodi kunyumba bwerani nawo chonde, chifukwa lathu lija likusowa rook mmodzi ndipo chitsekerero cha botolo chija chatitopetsa. Amene muli ndi foni, bwerani itadzaza moto. Ndipo inu amene mumati chess ndi ya anthu anzeru za masamu okha, bwerani mudzaone tikuluza tonse limodzi.